Dzanja langa lalemba Tiwonge pa fomu

Amayi, Lolemba akhoza kundichotsa ntchito, mwinanso kundiitanira apolisi andibweze kumudzi. Nanga mwana wanga Wongani atsala ndi ndani?

Pepani ndayamba chonchi osapereka moni. Kumeneko muli bwanji, Amayi? Ife kudziko la eni kuno, ku Imizamo Yethu komwe timakhala, tilipo, moto womwe unatentha nyumba chaka chatha sunafike panyumba pathu. Wongani simunamuone. Wayamba kuyenda, mphumi ndi yanu yeniyeni.

Pali zomwe ndinakubisirani muli moyo. Ntchito ya pasukulu pano ndinalowa ndi mapepala a sisi Esnart, poti anga anatha. Aliyense amandiitana Esnart. Ndinayamba ndi kukolopa, kenako a Madamu oyang'anira laibulale anaona kuti ndimakutira mabuku ndi pulasitiki osasiya makwinya, basi anandikokera mkati. Pano ndimadinda mabuku, kumata ong'ambika, kuwabwezera m'mashelefu. Ine wa Sitandade 7!

Ndiye a Madamu anati ndilowe bungwe la anthu a ntchito imeneyi. Mabungwe ake alipo awiri. Lina ndi la azimayi othandizira m'malaibulale ngati ine, amakumana Loweruka ku Gugulethu kuphunzitsana kusoka mabuku ndi kuwerengera ana nkhani. Safunsa pepala lililonse. Lalikululo limapereka khadi, maphunziro, pamapeto satifiketi, koma limafuna pasipoti. Ndinaganiza masabata awiri. Ku Gugulethu ndikhala mwamtendere, koma ndidzakalamba ndikumata. Kwinako ndidzaphunzira ine, satifiketi idzatuluka ya a sisi, eni ake akuchapa zovala za abwana ku Table View.

Ndinasankhabe lalikulu. Dzulo Lachisanu ndikulemba fomu, pamzere wa dzina dzanja linangolemba lokha: Tiwonge. Paja munkandigwira dzanja ndikuphunzira kulemba, nkumati, "Dzina lako uzilemba looneka, china chokupatsa ndilibe." Ndinazindikira ndili mu tekisi, fomu ili kale m'chikwama cha a Madamu. Lolemba m'mawa akaipereka kwa ahedi kuti asaine.

Ndikhoza kunama kuti ndi dzina la paubwana. Koma Amayi, ndatopa kuyankha dzina la mwini. Ndikufuna ndikawauze a Madamu zoona asanalowe mu ofesi, a sisi ataima pambali panga ndi pasipoti yawo, aone kuti sindinabe, anachita kundibwereka. Vuto ndi loti chichitikireni maliro anu sitiyankhulana. Akuti ndinakana kubwera kudzakuikani. Ndinali ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu, pa boda ndikanadutsa ndi chiyani? Foni yanga sakuyankha.

Inu nokha ndi amene a sisi ankakumverani. Ndikukulonjezani, bungwe lalikululo ndidzalowa ndi dzina lomwe munandipatsa, ngakhale ndidikire zaka kuti mapepala anga akonzeke. Ndimakukondani. Chonde akhudzeni mtima a sisi akwere tekisi lero lomwe, adzandikalipire kuno kuno ngati akufuna, bola abwere.

Ndine mwana wanu,
Tiwonge