Esinati wabwerera m'bwalo

Lachitatu madzulo. Kunatentha, koma mtima wanga uli myaa.

Lero Esinati wa Fomu 3 wasewera netibolo koyamba chibwerereni kusukulu atabereka. Temu yonseyi ankangokhala patsinde pa mtengo, kuopa kusekedwa. Nditamupatsa yunifomu anati, "Madamu, thupi langa linasintha." Ndinamuyankha kuti, "Manja ndi omwe aja, lowa."

Anaphonya kawiri, kachitatu mpira unalowa, anzake n'kumukumbatira. Mayi ake anaima kumpanda, khanda lili kumsana, ndipo ndinawamva akuliuza kuti, "Waona? Amayi ako awo!"

Loweruka tikasewera ku Songani, koma mwanayo akuyamwabe. Mawa ndipita kwawo kwa Esinati ndikawapemphe makolo ake kuti amulole kupita. Khandalo likwere nafe minibasi basi, ndikalinyamula ndine mpaka mpira uthe.