Mwezi wanga wayandikira, seva ndiisiyire yani?

Aphungu,

Ndine mayi wapabanja ndipo ndili ndi pakati poyamba. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la alimi kuno ku Nsaru, limene limagula soya ndi mtedza kwa mamembala ake. Ine ndimayang'anira seva. Kuti mundimvetse, seva ndi kompyuta yaikulu imene ili m'kachipinda kuseri kwa ofesi. M'kati mwake ndinakonzamo makompyuta ena atatu osagwirika ndi manja, amene ife a ntchitoyi timangoti ma VM. Onse amagawana mphamvu za seva yomweyo koma iliyonse imayenda payokha. Ina imasunga mayina a alimi ndi kulemera kwa matumba amene abweretsa, ina ndi ya anzathu a zachuma, ina imatumiza mauthenga a nyengo pa mafoni a alimi. Seva ikazima, onse atatu amazima nayo.

Zonsezi ndinayamba ndekha. Sevayi ndimaidziwa mpaka kaliridwe kake, moti fani yoiziziritsa ikasintha mawu ndimadziwa kuti fumbi lalowa. Amuna anga a Elias, amene ndi mphunzitsi wa kupulayimale, amandiseka kuti mwana amene ndikuyembekezerayu ndi wachiwiri, woyamba ali kuofesi.

Mwezi wathawu ndinapita kusikelo ku Namitete. Ndili pamzere ndinazimitsa foni. Kuofesi magetsi anathima nthawi yaitali mpaka mabatire a seva anatha. Atayakanso, seva inadzuka koma ma VM sanadzuke, chifukwa ndimawadzutsa ndekha ndi pasiwedi yaikulu, mawu achinsinsi amene ndimawadziwa ine basi. Nthawi yake inali yogula soya. Alimi anali atafika ndi ngolo kuchokera kutali, ena mpaka ku Kabudula, ng'ombe zili padzuwa, koma palibe thumba limene likanalandiridwa.

Mnzanga Vainess wa ku zachuma atalephera kundipeza anaimbira amuna anga. Iwo anasiya kalasi m'manja mwa mphunzitsi mnzawo, nakwera njinga yamoto kudzandipeza kuchipatala. Atafika anandipatsa foni yawo, ndipo Vainess anati, "Asisi, ingondiuzani pasiwedi ndi poti ndidine, inu muonane ndi anamwino." Aphungu, pakamwa panga panakana. Ndinachoka pamzere ndisanayezedwe, ndinakwera kumbuyo kwa njinga mumsewu wa mabampu uja, ndipo ntchito imene ndinathamangira inatha madzi a tiyi asanawire.

Amuna anga sanandikalipire. Madzulo anandithirira madzi ofunda m'beseni kuti ndiviike mapazi, amene anali atatupa. Kenaka anati, "Anankhoma, ine sindidana nayo ntchito yanu, ndimanyadira. Koma lero ndayendetsa njinga ndikupemphera njira yonse. Musandichititsenso zimenezi." Ndinalira.

Tsopano mwezi wanga wayandikira. Mayi anga akufuna ndikadikirire kwathu, kufupi ndi chipatala. Abwana andipatsa tchuthi ndipo akuti ndisiyire Vainess. Mtsikanayu anaphunzira za makompyuta kutauni, ndi wamutu, ndipo amandikonda. Pamene ndinkalakalaka bwemba ndiye ankandisakira pamsika. Koma amene ali ndi pasiwedi yaikulu akhoza kufufuta VM yathunthu pongodina molakwika, ndipo zonse za alimi n'kupita. Chinanso, chimene sindinauzeko ngakhale amuna anga, n'chakuti ndikuopa kuti zinthu zikayenda bwino ine kulibe, ndidzabwera n'kupeza kuti sindikufunikanso.

Ndichite bwanji kuti ndikachire mtima uli m'malo?

F.N., Nsaru

Mwana wanga F.N.,

Poyamba, kodi kusikelo kuja munabwererako? Ngati ayi, pindani nyuzipepalayi mupite, mudzawerenga mukabwera. Mapazi otupa si oti azingoviikidwa m'beseni, anamwino awaone ndipo akuyezeni kuthamanga kwa magazi.

Ine za maseva sindizidziwa, choncho kalata yanu ndinakawerengera mlamu wanga amene wachita imvi pa ntchito yomweyi. Anakuyamikirani kwambiri. Koma ananenanso mawu amene simuwakonda. Akuti seva imene imadzuka pokhapokha munthu mmodzi akakhalapo ndiye kuti sinathe kukonzedwa. Ntchito yanu yatsala pang'ono, ndipo nthawi yoitsiriza ndi ino.

Akuti Vainess simufunika kumupatsa pasiwedi yaikulu. Mutsegulireni akaunti yakeyake yomulola kuona ma VM, kuwayatsa ndi kuwazimitsa, koma yosamulola kufufuta kanthu. Mantha anu oyamba athera pomwepo. Kenaka konzani seva kuti ikadzuka izidzutsa yokha ma VM motsatana, kuyambira ija ya matumba a alimi, komanso kuti mabatire akatsala pang'ono kutha izizima yokha mwadongosolo. Pasiwedi yaikuluyo isakhale m'mutu mwanu mokha. Abwana anu aisunge pamalo okhoma, yoti idzatulutsidwe zikadzavuta zedi.

Anandifunsanso kuti bakapu yanu, kope la zonse zili m'ma VM, mumaisunga kuti. Ngati ili m'seva momwemo, tsiku limene seva idzapse zidzapsera limodzi. Ikhale pa diski ina, ndipo diski yachiwiri izigona kunja kwa ofesi. Musangokhulupirira kuti ili bwino. Yesani kubwezeretsa VM imodzi kuchokera pamenepo, Vainess akuchita ndi manja ake.

Tsono langa ndi ili. Sankhani tsiku lopanda alimi ambiri, muzimitse seva mwadala, mukhale pampando manja ali pamimba, Vainess aidzutse yekha. Akasokonekera musamulande kiyibodi. Mulembereni njira yake mwachidule, abwerezenso kufikira atazolowera. Munthu amene ankakusakirani bwemba sakufuna mpando wanu, akufuna mukachire bwino.

Za mantha achiwiriwo, mwachita bwino kuwatchula. Koma taganizani. Zinthu zikayenda bwino inu muli kwa mayi anu, abwana adzati anakonza ndani? Amene bungwe limatopa naye ndi uja amene akadwala ntchito yonse imaima. Ngati mtima ukukanabe, pemphani kuti tsiku lobwerera pa ntchito yanu likhale lolembedwa musanachoke. Ndipo a Elias muwauze za manthawa. Mwamuna amene anakuuzani zakukhosi kwake atakuthirirani madzi a mapazi angathe kumva zanunso.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Zonsezi muchite tsopano, osati sabata yomaliza, chifukwa chosintha mothamanga ndicho chidzasowetse mtendere Vainess inu mutapita. Ndipo laputopu isakwere nanu galimoto yopita kwa mayi anu. Ndikukudziwani anthu okonda ntchito, mudzati ndingosuzumirako pang'ono. Ululu ukadzayamba, foni mudzapereke kwa a Elias. Akadzaimba a kuofesi, iwo adzayankhe kuti funsani Vainess, Anankhoma ali pa ntchito ina.

Aphungu