Pikapu yanga ikukana phiri, katundu wa mkwatibwi akudikira

Aphungu,

Ndine mlimi wa maolivi, wa zaka 58. Mwana wanga wamkazi, Argiro, akukwatiwa mwezi uno, koma chakudya sichikundilowa chifukwa cha galimoto.

Mnyamatayo ndi wabwino, vuto ndi kumene amakhala. Kwawo ndi ku Ano Vrisi, pamwamba penipeni, kumene msewu umakhota kasanu ndi kawiri usanafike pa tchalitchi. Lachinayi la sabata ya ukwati tiyenera kukweza katundu wa mkwatibwi: matiresi, bokosi la malemu agogo ake, ndi mabulangete amene mayi ake akhala akuluka kuyambira mwanayo akukwawa. Mukudziwa kuti galimoto ya bambo wa mkwatibwi ndiyo imatsogola, oimba atakhala pamwamba pa matiresi, ena onse pambuyo akuliza mahutala.

Yanga ndi pikapu ya 1979, ya kabuleta, imene bambo anga anagula yatsopano. Pachigwa imayenda bwinobwino. Koma zaka zitatu zapitazi, ikangoona chitunda imayamba kutsokomola, kufuka utsi wakuda bii, kenako pa kona yachitatu n'kuzima. Petulo ikumwa ngati mlendo wosaitanidwa pa ukwati.

Bambo a mnyamatayo, a Haridimos, ali ndi pikapu yatsopano ya dizilo. Tsiku lina kumalo omwera khofi, anthu atadzaza, anandiuza kuti, "Asewere, musavutike, katundu wa mwana ndidzanyamula ine. Pikapu yanuyo ndi agogo, muwasiye apume pansi pa mtengo, nkhuku zipeze poikira mazira." Anthu anaseka mpaka wina anamwaza makadi. Ine mtima unaphulika. Ndinagwira ndevu zanga za pamlomo n'kunena kuti, "Ikapanda kufika pakhomo panu ndi mphamvu zake, ndevu izi mudzazimete nokha pabwalo pano, ndi lumo lometera nkhosa!" Iwo anangotembenukira kwa mwini malowo n'kunena kuti, "Lefteris, wamva. Uyambe kunola." Aphungu, ndevu zimenezi sindinazimetepo chibwerereni ku usilikali.

Musaganize kuti ndine wosasamala. Galimotoyi ndimaisunga ngati m'bale. Chaka chilichonse mafuta atsopano akatuluka kofinyira maolivi, botolo loyamba limapita ku nyali ya ku tchalitchi, lachiwiri kukhitchini, lachitatu ndi la galimoto. Ndimadzaza kambale ka pansi pa sefa ya mpweya, ndimadontheza pa tizitsulo tonse ta kabuleta ndi pa kachitseko ka choki, kotseka mpweya poliza injini yozizira. Bambo anga ankathira oilo wa m'sitolo, koma zaka zinayi zapitazo ndinaona kuti si ulemu kupatsa galimoto yoti yatilera chinthu chimene ine sindingathire pa buledi.

Abale andithandiza ndithu. Mlamu wanga Sifis, amene anayendetsapo thirakitala, anati, "Alamu, galimotoyi ili ndi njala basi. Inu mungakwere phiri limeneli mutangomwa khofi?" Anamasula kabuleta pa tebulo lodyera n'kukuza kabowo kodutsa petulo ndi singano yosokera matumba. Utsi unawonjezeka. Iye anati ndiwo umboni woti yayamba kudya. Kenako Lefteris anati tithire raki, kachasu wa kwathu kuno, m'thanki kuti aitsuke m'mimba. Tinathira malita awiri, wotsalayo tinamwa podikira zotsatira. Tsopano ikuzimira pa kona yachiwiri.

Lolemba lapitali ndinayesa ndi matumba asanu a feteleza. Itazima, ansembe athu anandipeza ali pa kanjinga kawo kamoto. Anaima, nayang'ana utsiwo, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, ndikuitanire makaniko, kapena ndingoyamba pemphero la odwala?" Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva.

Mkazi wanga Pelagia akuti, "Zahari, mabulangete anga akakanunkha utsi, udzagona nawo m'galimoto momwemo mpaka Pasaka." Argiro yekha sanandinyoze. Dzulo ndinamupeza akupinda nsalu zoyala pabedi, anangondifunsa kuti, "Ababa, koma tidzafika?" Ndinati tidzafika. Anapitiriza kupinda osandiyang'ana.

Sifis akuti tsopano tigule kabuleta yaikulu, tidulenso paipi ya utsi kuti injini ipeze popumira. Kodi ndichite zimenezi? Kwatsala masiku khumi ndi awiri.

Z.K., Zaros

Bambo Z.K.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Galimotoyo ilibe mlandu. Mwaidwalitsa ndinu.

Mafuta a olivi ndi a buledi, a nyali ndi a ubatizo. Akatenthedwa n'kukumana ndi fumbi la mumsewu amasanduka ulimbo. Tembenuzani poto wokazingira wa akazi anu muone kunsi kwake. Ulimbo umenewo watseka sefa, ndipo ndikukhulupirira kuti wagwiranso kachitseko ka choki kuti kasatseguke konse. Injini yanu ikusowa mpweya. Utsi wakudawo ndi petulo amene walephera kupsa. Pamwamba pa phiri mpweya ndi wopyapyala kale, n'chifukwa chake imafera pomwepo. Alamu anu anapeza munthu akubanika, iwo n'kumuwonjezera chakudya m'kamwa.

Werengani zaka zimene mwandilembera nokha. Kudzoza munayamba zaka zinayi zapitazo, kutsokomola kunayamba zaka zitatu zapitazo. Bambo anu ankadziwa chimene ankachita.

Mawa m'mawa chotsani sefa yonse. Palani kambaleko, mutsuke ndi palafini pamodzi ndi mawaya a m'kati mwake, muumitse padzuwa. Kenako thiranimo oilo wa injini mpaka pa mzere umene uli m'kambalemo, osapitirira. Tizitsulo ta kabuleta ndi kachitseko ka choki mutsuke ndi mankhwala opopera a kabuleta, mutisiye touma. Injini ikatentha, kachitsekoko kayenera kuima chilili. Kakakhala kopendekera, simunamalize kutsuka. Posuzumira m'kabuleta injini ikhale yozima, chifukwa ikabwezera moto, ndevuzo zidzapserera, lumo la Lefteris n'kupeza ntchito yake itagwiridwa kale.

Raki theka lake ndi madzi, ndipo madzi amakhala pansi pa thanki pamene injini imayamwira. Khuthulani thanki yonse, musinthe kasefa ka petulo, muthire petulo watsopano.

Kabowo kamene kanakuzidwa ndi singano sikabwerera. Kachitsulo kameneko amati jeti, ndipo nambala yake inadindidwa pambali. Pitani nako kwa ogulitsa zida za magalimoto akale mugule katsopano ka nambala yomweyo. Musalole wina akuuzeni kuti nambala yaikulu ndi mphamvu. Mugulenso mapulagi anayi, popeza anuwo adadetsedwa ndi mwaye, ndiponso mapointi, tizitsulo totumiza moto ku mapulagiwo. Zimenezi mupereke kwa makaniko wa imvi amene anakulira pa magalimoto a mtundu umenewu, atchere moto wa injini ndi nyali yake yoyezera, osati ndi khutu. Ndi ntchito ya theka la tsiku. Mukhale pomwepo muzionerera, manja ali m'thumba.

Kabuleta yaikulu musagule. Paipi ya utsi musadule; mudzapeza phokoso lokha, ndipo oimba sadzamveka. Injini imeneyo inakwera phiri limenelo zaka makumi anayi ndi zida zimene inabadwa nazo. A Sifis muwathokoze, muwapatse ntchito yomanga zingwe za matiresi.

Pa tsikulo lowetsani giya yachiwiri musanafike pa kona, osati muli kale m'kati mwake. Lolani injini ilire. Oimba akhale awiri, ngati pali wonenepa akwere galimoto ya pambuyo.

Tsopano mumve chimene simunafunse. Mwandilembera mizere yambiri ya ndevu zanu ndi mizere iwiri ya mwana wanu. Ndevu zimamera pa milungu isanu ndi umodzi. Iyeyo adzakhala m'mudzi umenewo moyo wake wonse, pakati pa anthu amene adzaima m'makonde Lachinayi limenelo kuona mmene akufikira. Anakufunsani funso lolunjika, inu munamuyankha chimene simukuchidziwa.

Choncho Lolemba la sabata ya ukwati, ntchito zonsezi zitatha, kwezani matumba khumi ndi anthu awiri. Yesani mabuleki pachigwa kaye, chifukwa msewu umenewo mudzatsikanso. Kwerani mpaka pa tchalitchi cha ku Ano Vrisi kawiri, masana dzuwa likutentha. Ikafika maulendo onse awiri osazima, mukauze Argiro kuti mudzafika, ndipo nthawi imeneyo chidzakhala choona.

Ikazima ngakhale kamodzi, musayesenso kachitatu, ndipo musaitane alamu. Valani malaya oyera tsiku lomwelo, mupite kwa a Haridimos ndi mapazi anu, mukapemphe galimoto yawo mwaulemu. Lumo munyamule lanu. Anthu adzakusekani mpaka nyengo yokolola maolivi, kenako adzapeza wina womuseka. Koma matiresi a mkwatibwi akatsitsidwa pakati pa msewu anthu akuona, nkhani imeneyo idzafika mpaka kwa adzukulu anu, ndipo wonyamula manyaziwo adzakhala mayi wawo, osati inu.