Tsitsi la Esitere

Okondedwa alamu a Frazer,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Foni ya adokotala a ku Lilongwe inatipeza kuno ku Chia tsiku lometa maliro a mlongo wanu Liness. Akuti khansa ya m'magazi ija sikuonekanso mwa mwana wathu Esitere. Ndinathokoza, koma amene ndikanathamangira kukamuuza ndi yemwe tamuikayo.

Lumo litafika pa mwanayu, anagwira mutu nati, "Azakhali, tsitsili linathothoka ndi mankhwala. Chimerereni, amayi ankaliyeza ndi chala." Azakhali ake anabweza lumo, ndipo palibe wamkulu amene anatsutsa.

Adokotala akuti tipitenso pakatha miyezi itatu akamuyeze. Za kutsogoloko sindinafunse.

M'nyumba tatsala awiri. M'mawa uliwonse ndikuphunzira kupesa tsitsi la mwana.

Ine mlamu wanu,
Layson