Marolamento a Berta

Fingoe, Lolemba, 14 Agosto 1972

Berta wadutsa lero akulira gudumu lakutsogolo, lakumanzere. Ndamumva asanafike pamsika. Rolamento yatha, kamphete ka tizitsulo kamene gudumu limazungulirapo. Akulu anga Olímpio sakanalola kulira kotero ngakhale tsiku limodzi. Kamiyawo ameneyu, lole yawo, anamutcha dzina la amayi. Loweruka lililonse iwo kutsuka, ine pansi ndi zitsulo zanga.

Pachiwongolero, Cipriano. Mlamu wathu, mwamuna wa mlongo wanga Teodora. Ndi iye anakauza a tropa, asilikali a Apwitikizi, chaka chatha kuti akulu anga amanyamulira chimanga anyamata a nkhondo a m'tchire. Anawatenga atavala malaya a kutchalitchi. Sanabwerere. Kamiyawo anapatsa Cipriano.

Wandikwezera dzanja podutsa. Ine maso pa nkhuku.

Lachitatu, 16 Agosto

Sarijentu wa a tropa wandiitanitsa. Berta akonzeke msanga. Patebulo timabokosi tiwiri. «Sankha wekha, ndiwe umamudziwa.»

Kabokosi kobiriwira n'kochokera ku Joni. Rolamento yolemera, yokutidwa ndi pepala la mafuta. Fungo lake landibwezera masiku omwe tinkapita ku Tete kukatenga mchere, akulu anga akuimba nyimbo za Misa molakwitsa dala. Kena kaja n'kopanda dzina. Yopepuka. Ukaizunguliza pachala imakhala ngati muli mchenga.

Ndatenga zonse, ndati ndikayese.

Ndiika yopanda dzinayo. Ipirira pang'ono, itenthe, igwire pamtsetse wa njira ya ku Chiputo. Gudumu uko, Cipriano kuphompho. Ndadya bwino lero, mpaka kuwonjezera.

Loweruka, 19 Agosto

Cipriano wabwera yekha pakhomo, chipewa m'manja. Chitengedwereni akulu anga sanapondepo pano. Sindinamupatse mpando.

Nkhani ndi iyi. Galimoto imene imatsogolera koluna, mdipiti wa magalimoto a tropa, inaponda mina, bomba lokwirira, sabata yatha. Tsopano akufuna Berta patsogolo, matumba a mchenga pansi, kuti ngati m'njira mwakwiriridwa kanthu ayambe ndi iye kuponda. Woyendetsa, mwini wake.

«Alamu, ikani yopanda dzinayo. Berta afere pomwe pano poyesa, asatuluke mu Fingoe. Inu ndi ine ndife amodzi.»

Amodzi.

Chimene ndinkati chimuphe ndi chimene akupempha kuti chimupulumutse. Amadziwa zitsulo pang'ono, galu ameneyu. Akanamuyendetsa mwankhanza pamaso pa sarijentu mpaka rolamento ifuke utsi, n'kubwerera kukagona kwa mkazi wake.

Ndangoti, «Ndamva, alamu.» Wandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndasamba ndi palafini.

Lamulungu, 20 Agosto

Teodora tikutuluka m'tchalitchi. Wandipatsa mtedza m'kansalu. Waonda. Akayang'ana pansi ndi amayi enieni.

«Achimwene, ana anga aja.» Basi. Za akulu athu sanatchulepo chichitikireni, ndipo lero sanatchulenso.

Tsiku limene Berta anafika kumudzi, Teodora anali asanakwatiwe. Anakwera kumbuyo, mpango unauluka, anaseka mpaka kutsamwa. Akulu anga anaimitsa kamiyawo, n'kubwerera wapansi kukatola mpangowo. Munthu wotero. Amene anamugulitsa akudya m'mbale za mlongo wake.

Mtedza ndapatsa ana a pafupi. Sindingaumeze.

Lachinayi, 24 Agosto

Ndaika ya ku Joni.

Sindinagwirepo ntchito yabwino chotere. Ndatsuka chitsulo chilichonse, ndapukuta ndi malaya akale a akulu anga. Mafuta ndadzaza ndi chikhato, pang'onopang'ono, mmene anandiphunzitsira. Kumanga, kubweza pang'ono, kuzunguliza. Palibe amene adzati ndinalakwa. Ndinapatsidwa zabwino ndi zoipa, ndasankha zabwino.

Ndili pansi paja ndamuuza Berta kuti andikhululukire. Nayenso sabwerera, ndikudziwa. Ndiye chokha chotsala cha akulu anga. Koma bola afe atanyamula woyenera.

Poyesa, sarijentu wakwera naye. Kuzungulira msika, kukwera mtunda, kutsika mothamanga. Chete. Ngakhale kamluzu. Cipriano potsika sanandiyang'ane kumaso. Wayang'ana manja anga.

Yopanda dzina ija ili m'bokosi la zitsulo. Sindinabweze.

Lolemba, 28 Agosto, mmawa

Koluna inyamuka dzuwa likakwera. Ndinapita kuti ndikaone akukwera, ndinavala ndi nsapato zomwe.

Sarijentu wandiomba paphewa. Akuti ntchito yamusangalatsa, mekaniku wotere sangamusiye kumbuyo, njira ya ku Chiputo ndi yoipa. «Ukhala kutsogolo ndi mlamu wako. Katenge zitsulo.»

Ndabwera kudzatenga. Ndalemba izi nditaimirira.

Teodora ali pamsewu, wamangira mbatata m'nsalu ziwiri. Ina ya mwamuna wake, ina yanga. Anadziwa liti? Kapena ndi Cipriano wanong'oneza sarijentu. Pakamwa pake ndi pomwe paja.

Mantha alipo. Koma ndikadzifunsa ngati ndikanaika inayo, mtima ukuti ayi. Ndikhala pamalo anga akale, pambali pa zenera losatsekeka lija. Ndiziyang'ana nkhope ya Cipriano njira yonse, dzenje lililonse, paliponse pamene dothi laoneka latsopano.

Rolamento yoipa ndaichotsa m'bokosi, ndaisiya patebulo. Angaione n'kuyamba kundipempha m'njira.

Hutala. Ndi ya Berta, mawu ake sanasinthe. Akulu anga ankaliza kawiri chomwecho ndikachedwa