Diresi ndalipsereza, tapita ndi thalauza

Amake mwana,

Mukabwerako kokaona odwala simutipeza, tatsogola ku tchalitchi. Inde, ine ndi mwana wathu wamkaziyu. Wadzuka yekha n'kunena kuti, "Ababa, lero ndipita nawo." Paja patha zaka ziwiri asanapondeko, chimunyozereni amayi ena aja pakhomo pa tchalitchi chifukwa chovala thalauza.

Ine ndi chimwemwe ndathamangira kumusitira diresi lake lobiriwira lija. Simbi inatentha kwambiri, ndaliboola pamsana. Pepani, mudzandikalipira tikabwerako.

Iye wangoseka, akuti, "Basi, ndivala thalauza, apo ayi ndikhala." Ndamuuza kuti avale. Nanenso jekete ndalisiya, ndavala ovololo yanga ya ku ntchito, yochapa bwinobwino. Ofuna kuyang'ana ayambe ndi ine, thupi ndili nalo lokwanira.

Bwerani msanga, tikhala pa benchi lakumbuyo ndipo malo anu tisunga. Chonde mukamuona musanenepo kanthu za zovala, ngakhale ndi maso omwe, paja maso anuwo amalankhula. Mungokhala pambali pake n'kumutsegulira buku lanu la nyimbo, muziimba awiri. Lake analitaya kalekale.

Ndine bambo ake