Ziro wa Makina Sindisaina

Lolemba, 9 Marichi

Msonkhano wa dipatimenti lero. Abwana atisonyeza pulogalamu yatsopano imene akuti imagwira ophunzira olembetsa ntchito zawo kwa AI. Ukaikamo nkhani ya mwana, yokha ikuuza ngati walemba ndi munthu kapena makina. A Mandevu, amene timakhala nawo ofesi imodzi, aipatsa kale dzina: Woombeza. Tinaseka tonse, koma kuseka kunathera pamene Abwana anati aliyense wogwidwa apatsidwe ziro, kenako akaonekere kukomiti ya chilango.

M'kalasi langa la zaumoyo yagwira awiri. Kamagalasi, mtsikana wokhala kutsogolo amene amayankha funso lisanathe, ndi Mtali, bambo wapabanja amene amalowa mochedwa atavala yunifolomu ya kuntchito. Akuti ndisaine pepala lowapatsa ziro pofika Lachisanu.

Sindisaina.

Lachiwiri, 10 Marichi

Ndinapita kwa Abwana. Ndinawakumbutsa kuti ana anga ndinawalola kugwiritsa ntchito AI, bola alembe poyera pamene yawathandiza, ndiponso afufuze okha ngati zimene yawauza n'zoona. Zimenezi zili m'ndondomeko ya maphunziro imene iwo eni anavomereza.

"Mayi, nthawi imeneyo tinalibe chogwirira akuba," anatero.

Ndinafunsa ngati chogwiracho chimafotokoza mmene chadziwira. Akuti ayi, chimangotulutsa nambala. Ndiye makina anene kuti mwana wabera kwa makina, ine ntchito yanga ikhale kudinda basi? Ndinapempha kuti awiriwo ndiwafunse ndekha maso ndi maso. Iwo anangoti kontrakiti yanga iwunikidwa mu Juni. Anazinena akupukuta magalasi, ngati akunena za mvula.

Lachitatu, 11 Marichi

Bambo a kunyumba kuno akuti, "Ungosaina iwe, anawo si ako." Malaya awo asita okha.

Lachisanu, 13 Marichi

Pepala lili mudilowa, losasainidwa. A Mandevu asaina awo onse osandiyang'ana. Akuti iwo ali ndi ana kusukulu. Ngati ine ndilibe.

Madzulo sekilitale anabwera kudzandiuza kuti Abwana alola mafunso apakamwa Lolemba, iwo ali pomwepo, "kuti mayiwo adzionere okha." Chabwino. Tidzaonere limodzi.

Lolemba, 16 Marichi

Anayamba Mtali. Thukuta kamukamu, chipewa akuchipotokola m'manja. Ndinamufunsa chifukwa chake analemba za zitsime zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Anati mwana wake anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha madzi otere. Atangoyamba, sitinathenso kumuletsa. Anatsegula tsamba lomaliza la nkhani yake, pamene analemba kuti AI inamukonzera Chingerezi, ndiponso kuti inamupatsa dzina la buku limene anakalifuna kulaibulale osalipeza, mpaka analichotsa. Tsamba limenelo Abwana anali asanaliwerenge. Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana pawindo.

Kenako Kamagalasi. Ameneyu ndiye ndinalibe naye nkhawa. Ndinamufunsa tanthauzo la mawu ena a patsamba lake lachiwiri. Anangotembenuza mapepala uku ndi uku. Ndinafunsa kumene anatenga ziwerengero za odwala. Ndinafunsanso mwa njira ina, pang'onopang'ono, mtima ukumupempherera. Anavula magalasi n'kuyamba kulira.

"Ndinangokopera zonse, madamu. Ntchito zinandichulukira. Ndimaopa kuti malikisi anga atsika."

Atatuluka, Abwana anati, "Mwaona? Makina ananena zoona."

"Pa mmodzi," ndinatero. "Winayo bwenzi mutamuchotsa sukulu chifukwa chochita zimene ndinamuuza."

Mawu anatuluka olimba, koma maganizo anali pa Kamagalasi. Mwana amene ndimamunyadira uja. Ndinakhala m'galimoto nthawi yaitali osailiza.

Lachiwiri, 17 Marichi

Kamagalasi ndamupatsa ziro. Ndasaina ndi dzanja langa chifukwa ndamva ndi makutu anga, osati chifukwa Woombeza wanena. Koma ndalembera komiti kuti asamuchotse. M'malo mwake mtsikanayo atenge nkhani yomwe anakoperayo, afufuze chiganizo chilichonse, asonyeze pamene makina ananama, kenako alembe yake. Ntchito imeneyo ndi yowawa kuposa kukhala kunyumba chaka.

Ndinamuitana kuti ndimuuze ndekha. Anafunsa ngati ndakwiya. Ndinati eya, ndipo mawa asakhale kumbuyo, akhale pamalo ake omwe aja.

Mtali ndamupatsa malikisi ake onse. Abwana akuti zonsezi palibe lamulo lake. Ndawauza kuti ndiye tikhale pansi tililembe. Sanaseke. Za Juni anazitchulanso. Atchule.

Lachinayi, 19 Marichi

Ndafika m'mawa n'kupeza benchi ya pakhonde yadzaza ophunzira osakhala anga, aja Woombeza anagwira kwa a Mandevu. Muofesi a Mandevu anali ataima, mapepala aja anasaina Lachisanu ali m'manja. Akuti anakawatenganso kwa sekilitale asanapite kukomiti. Maso ofiira, ngati sanagone.

"Mayi, ine kufunsa kotereku sindinazolowere," anatero. "Mukhale nane, mwina ndingawaopseze ana."

Ndinaika chikwama pansi n'kukokera mpando wanga patebulo pawo. Abwana anadutsa pakhonde, anaima pakhomo, anayang'ana benchi, anayang'ana ife. Sanalowe, komanso sanabalalitse aliyense.

A Mandevu anakhosomola, n'kuitana woyamba.